Miyala ya pa Ming'oma ya Bambo

"Miyala ija ili kuti?"

Kautsi anafunsa ataima pakati pa bwalo, chipewa cha neti chili m'manja, akupumira m'mwamba. Mlongo wake wamkulu, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Dalaivala chifukwa choyendetsa malole, anali kusanjikiza mipando yomwe anthu anakhalira pa maliro a bambo awo. Sanacheuke n'komwe.

"Miyala iti?"

"Ya pa ming'oma, achimwene! Ndachokera komweko. Ming'oma makumi awiri ndi itatu, pamwamba ponse pali see, ndi mwala umodzi womwe palibe."

"Oo, imeneyo. Tinapsinjira tenti. Waiwala chimphepo cha Lachinayi? Tenti ija ikanauluka ndi abusa omwe. Ndinakatuta ndekha ndi wilibala m'mamawa, ndipo njuchi ziwiri zinandilumabe. Ndaiunjika kuseri kwa nyumba. Nanga zivindikirozo si zomanga ndi waya? Sizipita kulikonse."

Kautsi anangodzigwetsa pa mpando womwe mlongo wakeyo ankati anyamule. Kuchipatala analira, kumanda analira mpaka mawu kusasa, koma chomwe chinamugwira tsopano sichinali chisoni. Unali mkwiyo weniweni.

Munthu wosadziwa akanati mkaziyu maliro amuzunguza mutu, nanga kukwiyira miyala? Koma bambo aja sankalemba kanthu papepala. Ankati pepala limanyowa, pepala limadyedwa ndi chiswe, mwala ayi. Zonse zomwe ankadziwa za njuchi zawo ankazisiya pamwamba pa ming'oma. Mwala umodzi wogona pakati, ndiye kuti muli mtendere. Mwala woimika, ubwerenso sabata yomweyino udzaone. Miyala iwiri, nsabwe zachuluka, pakufunika mankhwala. Ndiye panali wina, umodzi wokha pamalo ponsepo, wosalala ngati dzira la bakha, wopaka penti yofiira. Mng'oma womwe bambo auikira mwala umenewo sunkagona masiku awiri usanaotchedwe.

Nsabwe zimenezi ndi tizinthu tofiirira, tating'ono kwambiri moti wamaso ofooka sangatione. Zimakakamira pa njuchi n'kumaiyamwa, ndipo zimaswanirana m'zisa momwe muli ana. Kuyamwako kukanakhala kokha bwenzi zilibwinoko, koma poboola khungu zimalowetsa kachirombo kosaoneka ndi maso, ndipo ana a njuchi amatuluka mapiko atafota, ongokwawa basi. Mng'oma ukafooka chotero, njuchi za ming'oma ina zimabwera kudzaba uchi, n'kubwerera kwawo zitabereka nsabwe kumsana. Mankhwala amapha nsabwe, koma kachiromboko alibe nako mphamvu. Zonsezi Kautsi anazidziwa asanadziwe kulemba dzina lake, poti kuyambira ali wamng'ono ndiye ankagwirira bambo chitini chofukizira utsi, ndipo dzina loti Kautsi linachokera pomwepo.

Koma tsopano anali mphunzitsi, wapabanja pake, kutali. Chaka chathunthu chinali chitadutsa asanatsegule mng'oma wa bambo. Atamva za matenda anangotsikira kuchipatala, n'kukhala pambali pa bedi masabata atatu. Tsiku loti mawa lake amwalira, bambo anamukoka dzanja.

"Pali umodzi wodwala," anatero monong'ona. "Ndinauyeza mvula isanathe. Wapitirira."

"Uti, bambo?"

Bambo anayang'ana kukhoma nthawi yaitali. "Ukauona," anatero, n'kutseka maso.

Kautsi sanadandaule nazo. Anadziwa kuti akangofika pa ming'oma mwala wofiira umuuza. Ndiye lero, Loweruka, alendo atabalalika, wapita kuja wapeza zonse zomwe bambo anasiya zitafufutidwa ndi wilibala. Maluwa anali atayamba kale kutha m'tchire, nyengo yomwe njuchi zimasanduka mbava. Wodwala uja akapanda kupezeka msanga, ming'oma yonse ikanatha, ntchito ya zaka makumi anayi.

Anathamangira kuseri kwa nyumba, n'kugwada pa mulu wa miyala uja. Ankati mwina akaupeza wofiirawo mlongo wake akumbukira pomwe anautola. Anaphwasula mulu wonse, umodziumodzi, mpaka zikhadabo kuthyoka. Munalibe.

"Wofiira uja mwauponya kuti?" anafunsa Dalaivala atamutsatira.

"Sindinaone mwala wofiira ine."

"Mukanauona bwanji, poti munkangotuta ngati mukututa mchenga womangira chimbudzi?"

"Iwe Kautsi, usandiyankhule ngati wantchito wako, wamva? Ine ndinkafuna anthu akhale pamthunzi poika bambo ako."

"Bambo anga ndekha?"

Dalaivala anatola kamwala kamodzi, n'kukaponya m'munda.

Nkhani yake inali yakale, ndipo panyumbapo aliyense ankaizungulira ngati chitsa. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, bambo anamupatsa ming'oma itatu kuti ikhale yake. Umodzi unadwala. Mnyamatayo anaona njuchi zopanda mapiko zikukwawa pakhomo, koma anaubisira bambo, n'kumaupatsa madzi a shuga mwakabisira poganiza kuti uchira. Pomwe bambo ankatulukira, theka la ming'oma yawo linali litagwidwa. Anamuimika mnyamatayo patsogolo pa moto, manja kumbuyo, kuti aonerere iwiri mwa ming'oma yake ikupsa. "Chisoni chinapha nkhwali," anatero bambo, "ndipo munthu wachisoni ngati iwe ndilibe naye ntchito pano." Mwezi usanathe mnyamata uja anakwera lole ya munthu wina ngati wothandizira, ndipo kuyambira pamenepo kwawo ankangobwera ngati mlendo, kugona usiku umodzi n'kumapita. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, iye ndi bambo ankangopatsana moni ndi kufunsana za mvula.

"Dothi la kumanda silinaume n'komwe, mwayamba kale?"

Anali mayi awo, ataima pakona pa nyumba ndi kansalu kopukutira makapu. Masiku ochepawa anali atachepa thupi moti diresi inkangowalendewera.

"Amayi, ming'oma yonse iyenera kuyezedwa lero," anatero Kautsi. "Ndekha sindingathe."

"Iwe, kamuthandize mlongo wako," anatero mayi kwa Dalaivala. Kenaka anayang'ana pansi. "Mukayambire ku mpanda."

"Bambo amayambira ku chitsime, amayi."

"Ndati ku mpanda."

"Ntchito imeneyi ili ndi dongosolo lake. Tikadumphadumpha tisokoneza."

Mayi anangomusiya. Kautsi anali mwana wa bambo ake, akanena wanena, ndipo mayi anali atatopa nawo anthu otero.

Mu kanyumba kosungiramo zipangizo munkanunkhabe phula ndi utsi wakale. Kautsi anatenga chitini cha utsi, beseni loyera, botolo lakukamwa kwakukulu lotseka ndi sefa, ndi chitini cha shuga wa ufa uja wopangira makeke. Dalaivala anatambasula dzanja kuti atenge jekete la bambo, lokhuthala lakhaki, lomwe linali pa msomali kuseri kwa chitseko.

"Lisiye limenelo!"

Onse awiri anadzidzimuka. Mayi anali pakhomo, ndipo anadutsa pakati pawo n'kulichotsa okha pa msomali, n'kulikumbatira pachifuwa.

Dalaivala anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Ngakhale jekete, ayi ndithu," anatero. Anakavala ovolosi yake ya girisi ya m'lole, n'kumanga miyendo yake ndi zingwe.

Anayambira ku chitsime. Kautsi anafukiza utsi pakhomo pa mng'oma woyamba, anamasula waya, n'kutukula chisa cha ana. Anachikutumulira m'beseni, anatapa njuchi theka la kapu, zomwe bambo ankati zimakwana mazana atatu, n'kuzithira m'botolo. Anathira shuga masipuni awiri kudzera pa sefa, anagubuduza botololo mpaka njuchi zonse zitayera, n'kuliika pamthunzi pang'ono. Shugayo amachititsa nsabwe kuterereka. Atalizondotsa n'kuligwedeza pamwamba pa beseni la madzi, shuga anasungunuka, pamadzi n'kutsala timadontho tiwiri tofiirira tikupalasa timiyendo.

"Ziwiri," anatero Kautsi.

"Ndiye kuti chiyani?"

"Mwaiwala? Zitatu, gona tulo. Zisanu ndi zinayi, thamangira mankhwala. Makumi atatu, kumba dzenje."

Anabwezera njuchi zija mu mng'oma zili mbuu ngati zachokera ku chigayo, anzawo n'kuzithamangira kuzinyambita. Dalaivala, popanda womuuza, anabwerera kunyumba n'kubwera akukankha wilibala yodzaza miyala ija. Anasankha umodzi wafulati, n'kuugoneka pakati pa chivindikiro.

Wachiwiri, imodzi. Wachitatu, zitatu. Dzuwa linakwera, thukuta n'kumayenderera m'kati mwa neti, utsi ukuwawa m'maso. Pofika wachisanu ndi chimodzi manja a Dalaivala anali atakumbuka zomwe mwini wake ankati anaiwala. Ankatukula chisa mosagwedeza, ankadziwa pofukiza ndi polekeza, ankawerenga nsabwe ndi kaudzu. Njuchi ina inamulowa m'khosi mwa ovolosi, iye n'kuvina pamalo amodzi akutukwana chapansipansi.

"Yakupatsani moni," anatero Kautsi. "Yati mlendoyu sitikumudziwa."

"Imeneyi ndi ya mtundu wa mwini wake, imaluma isanafunse."

Kautsi anatsala pang'ono kuseka, koma beseni linamuletsa. Zisanu ndi ziwiri. Wotsatira, zisanu ndi zitatu. Wotsatira, khumi ndi imodzi, ndipo Dalaivala anaika miyala iwiri. Apa ndi apo pa udzu panali njuchi yokwawa, koma nyerere zinkazikoka msanga moti sukanadziwa yachokera khomo liti. Anapitirira osapuma, osadya, ndipo chiwerengero chinkangokwera: khumi ndi zitatu, khumi ndi zisanu, khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kautsi anadzutsa mutu n'kuyang'ana mzere womwe ankatsata. Unkalunjika ku mpanda. Anakumbukira mawu a mayi m'mawa uja, ndipo anachita manyazi.

Ku mpanda kunali mng'oma umodzi wotalikirana ndi inzake, pansi pa mtengo wa mandimu. Panyumbapo ankautchula kuti wa kalole. Unali wachitatu uja, wokhawo womwe unapulumuka moto pa ming'oma ya Dalaivala, ndipo pa thabwa lake lakumaso panali kalole ka buluu komwe iye anajambula ali mnyamata. Matabwa ena onse bambo anali atawasintha kangapo, koma limenelo ayi. Chaka ndi chaka popaka ming'oma penti yoyera, burashi yawo inkazungulira kaloleko. Munthu akafunsa ankayankha mwaukali kuti anakasiya dala, kuti azikumbukira zomwe chisoni chinawachita.

"Taona wangawo!" anatero Dalaivala, mawu ake atapepuka koyamba chibwerereni. "Taona kuchuluka kwa njuchi pakhomo. Pamalo ponse pano palibe wamphamvu ngati umenewu."

Kautsi anagwada n'kuyang'anitsitsa. Njuchizo zinali zambiri zedi, koma sizinkatera mwaulemu ngati zobwera kwawo. Zinkazungulirazungulira, kufunafuna ming'alu, zina zikugubuduzana pansi zitalumana. Zolowa zinali zopepuka, zotuluka zolemedwa.

"Si zake izi, achimwene," anatero. "Ndi mbava."

Atatsegula, fungo lowawasa linawalandira. Njuchi za mwini nyumba zinali zochepa, zosakwana kuphimba zisa zitatu. Ana anali apa ndi apo, ena atafera m'mauna mitu ili kunja, ndipo pa chisa pankakwawa tinjuchi totuwa, mapiko ngati ulusi wopsa, tina tili ndi nsabwe ziwiri kumsana zoonekeratu ndi maso. Kuyeza kunalibenso ntchito, koma Kautsi anayezabe kuti mlongo wake aone yekha. Dalaivala anawerenga ndi kaudzu kake mpaka makumi anayi, n'kukataya kaudzuko.

"Mankhwala alipo," anatero. "Ndaona timapepala tija pa shelefu."

"Tiika m'ming'oma isanu ndi iwiri ija ya miyala iwiri. Muno mwachedwa."

"Wadziwa bwanji usanayese?"

"Nsabwe zifa, inde. Nanga kachirombo? Ana onsewa ndi olumala kale. Mankhwala amatenga masabata, mbavazi zimaliza uchiwu masiku atatu, ndipo iliyonse ikupita kwawo ndi katundu kumsana."

"Ndiye ndiukweza pa lole ndipite nawo kwanga."

"Kwanuko kulibe anthu oweta njuchi? Mukawapatse iwo?"

Dalaivala anavula chipewa cha neti, njuchi zikumuzungulira choncho, ndipo maso ake anali ofiira.

"Ndiwe mwana wa bambo ako ndithu. Iwo anaotcha iwiri, iwe wabwera kudzamaliza wotsala."

"Musandisenzetse zimenezo! Mukanapanda kututa miyala ija, bwenzi nditauona wofiirawo m'mawa uja, mbavazi zisanachuluke chonchi."

"Panalibe mwala pano!" anakuwa Dalaivala, mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. "Ukumva? Ming'oma ina yonse inali ndi miyala, wina umodzi, wina iwiri. Pano pokha panalibe, wofiira kapena wakuda kapena wamtundu wanji. Ndinaima pompano ndi wilibala yanga, ndinayang'ana, ndinati eya, mpaka kumanda nkhalambayi sinandiwerengere. Ngakhale mwala wamba, wotola pansi, wanga sunayenere."

Anatembenuka n'kumapita, akupunthwa pa udzu. Kautsi anatsala yekha, ndipo sanamukhulupirire. Bambo kuyeza mng'oma, kupeza wapitirira, n'kuusiya wopanda mwala? Bambo omwe aja? Anatseka chivindikiro, anachepetsa khomo ndi udzu wonyowa kuti mbava zivutike kulowa, n'kupita kukapachika mankhwala m'ming'oma isanu ndi iwiri ija dzuwa lisanalowe. Madzulo amenewo anthu atatu anadya pa tebulo limodzi, ndipo chomwe chinkamveka ndi masipuni okha.

Ntchito yopha mng'oma wodwala imachitika m'mamawa, njuchi zonse zili m'kati. Kautsi anadzuka kukuyera kumene, mame ali thoo, kukuzizira mpaka m'mafupa. Anasungunula sopo wochapira mbale mu ndowa ziwiri zamadzi, poti madzi a sopo amapha njuchi. Atafika ku mpanda anapeza dzenje litakumbidwa kale, ndipo Dalaivala anali atakhala m'mphepete mwake, khasu lili pamiyendo.

"Ndi wanga," anatero osamuyang'ana. "Ndithira ndekha. Iwe ugwire chivindikiro."

Kautsi anatseka khomo ndi chisanza, n'kutukula chivindikiro mbali imodzi. Dalaivala ananyamula ndowa, madzi ena akumukhuthukira pachifuwa, n'kuthira. M'katimo phokoso linakwera nthawi imodzi, kulira kwa njuchi zonse pamodzi, ndipo Kautsi anakumva m'dzanja lomwe linagwira thabwa. Ndowa yachiwiri. Phokoso lija linayamba kutsika, n'kumatsika, mpaka kunangotsala madzi akudontha pansi pa mng'oma. Kautsi anali ataona zimenezi kangapo ali mwana, koma nthawi zonsezo wothira anali bambo, nkhope ili gwa, ndipo iye ankaganiza kuti sizipweteka.

Anakhuthulira zonse m'dzenje, zisa, uchi, njuchi zonyowa, n'kuunjika nkhuni zouma pamwamba. Phula likagwira moto silifunanso wokolezera. Dalaivala anaphwasula bokosi ndi khasu, n'kumaponya matabwa limodzilimodzi. Lomaliza linali la kalole. Kautsi analigwira.

"Ili tikhoza kuliwaula pamoto n'kulisunga, achimwene."

Analiyang'ana onse awiri. Penti yoyera ya zaka zonsezo inali itakhuthala mozungulira, moti kaloleko kanali ngati kali m'kadzenje. Koma buluu wake sanali wofwifwa monga penti ya zaka makumi awiri. Matayala anali akuda bii, ozungulira bwino kuposa momwe mnyamata angajambulire. Kautsi anafuna kunenapo kanthu, koma Dalaivala analitsomphola.

"Chokumbukira uchitsiru wanga? Chakwana," anatero, n'kuliponya pakati pa moto.

Anaima chomwecho akuonerera. Ovolosi ya Dalaivala inali itanyowa kuyambira pakhosi mpaka m'mawondo, ndipo ngakhale moto unali pafupi, mano ake ankagundana. Sanamve mayi akubwera. Anangowaona ataima pambali pawo, mapazi ali ndi mame, jekete lakhaki lija lili pamkono.

"Mwamaliza?" anafunsa mayi.

"Tamaliza, amayi," anatero Kautsi.

"Vala ili, mwananga, ungadwale."

"Dzulo munandikaniza."

"Dzulo linali dzulo. Vala."

Dalaivala anavula ovolosi mpaka m'chiuno n'kuvala jeketelo. Linamukwana ndendende, mapewa ndi mikono yomwe, ndipo Kautsi anayang'ana kumbali chifukwa kuchokera kumbuyo anali bambo enieni. Koma jeketelo linkalendewera mbali imodzi. Dalaivala anapisa dzanja m'thumba lakumanja, n'kuima chilili. Atalitulutsa, m'dzanjamo munali mwala wosalala wonga dzira la bakha, penti yake yofiira itaperepeseka m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa.

M'dzenje muja thabwa lina linathetheka.

"Miyezi iwiri," anatero mayi, akuyang'ana moto. "Tsiku lomwe anauyeza anachotsa mwala wakale uja, anakatenga uwu, n'kubwera nawo kuno. Ndinkawaonera pa zenera. Anaima pomwe waimapo iwepo mpaka tiyi anazizira, kenaka anabwerera nawo m'thumba. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lililonse, ngakhale pomwe miyendo inayamba kuwakanika, ankabwera ndi ndodo. Ndikawafunsa ankangoti mawa."

"Ankadziwa kuti zifalikira," anatero Kautsi, mawu ake ali ang'onoang'ono. "Isanu ndi iwiri ija..."

"Ankadziwa. Ndani ankadziwa kuposa iwo? Ndinawauza kuti bambo, muitaneni mwanayo, mumuuze. Anati ndimuuze chiyani, kuti ndamuotchera wachitatu?"

"Nanga bwanji simunanene dzulo, amayi?"

"Ndinati muyambire ku mpanda, unandimvera? Zinazo ndikananena, ndani mwa inu akanathira madzi aja?"

Kautsi anakumbuka nkhope ya bambo itayang'ana kukhoma la chipatala, ndi liwu lija loti ukauona. Sikuti mpweya unawathera ayi. Dzina la mng'omawo ndi lomwe linawakanika kutchula. Misozi inamutsika osaipukuta, ndipo sanadziwe ngati akuwalirira kapena akuwakwiyira, munthu woti moyo wake wonse anaphunzitsa ana ake kuuma mtima, iye mwini n'kuika ming'oma makumi awiri ndi iwiri pachiswe chifukwa cha kalole ka buluu.

Dalaivala ankayang'ana m'dzenje, pomwe thabwa lija linali litasanduka kale khala. Kenaka anatembenuza thumba la jekete kunja. Pansi pake panali posoka kawiri, mzere wina wa ulusi wakuda, wina pamwamba pake wa ulusi wobiriwira. Anayendetsa chala pa misokoyo pang'onopang'ono.

"Unkaboola thumba," anatero mayi. "Kachiwiriko wakuda unali utandithera."

Dzuwa linali litafika pa mtengo wa mandimu, ndipo njuchi za ming'oma ina zinayamba kutuluka. Zingapo zinabwera kudzazungulira pomwe panali wa kalole, zinapeza utsi, n'kubwerera. Dalaivala anabwezera thumba m'kati, anaikamo mwala uja, dzanja lake n'kutsalira momwemo.